Pulopozo ya Makina Oswera Mtedza

Nditasiya ntchito yotayipa ku Lilongwe ndinabwerera kwathu ku Namitete ndi kompyuta imodzi, pulinta, ndi makina a fotokope amene ndinagula kwa munthu wina yemwe ankatseka shopu yake. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa golosale, pafupi ndi pamene pamaima maminibasi opita ku Mchinji. Munali zenera limodzi, benchi yokwana anthu atatu, ndi tebulo langa. Pachitseko ndinalembapo ndi penti kuti timatayipa, timasindikiza, timachita fotokope.

Miyezi yoyamba ndinkalemba makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati, ndi mayeso a masukulu a mkaka. Kenaka kunayamba kubwera anthu ofuna mapulopozo. Ena anali akalipentala ofuna kupatsidwa ntchito yokhoma madesiki a sukulu, ena omanga nyumba, koma ambiri anali makalabu a alimi opempha thandizo ku mabungwe. Pafupifupi mapulopozo onse ankafunika m'Chingerezi, ndipo ambiri mwa eni akewo Chingerezi sankachiwerenga. Munthu ankafotokoza zake m'Chichewa, ine n'kumasandutsa. Pulopozo imodzi inkanditengera tsiku lathunthu, nthawi zina n'kugonera, makamaka magetsi akamavuta.

Msuweni wanga amene amagwira ntchito mu ofesi ina mtauni anabwera kudzaona makolo pa tchuthi, n'kundipeza ndikulimbana ndi pulopozo ya mmisiri wina womanga. Anaima kumbuyo kwanga kwakanthawi, kenaka anati ndikuzunzika dala. Anandiikira pulogalamu yolembera mapulopozo pa kompyuta yanga. M'pulogalamumo munali zikalata zokonzeka kale, chilichonse ndi tsamba lake lapamwamba, mitu yake, ndi matebulo ake. Iye ankazitcha matempuleti. Ine ndinkati zikombole, chifukwa ndikatero makasitomala anga ankamva msanga, poti aliyense kuno anaumbapo njerwa.

Kagwiritsidwe kake kanali kosavuta. Pambali panali timabokosi. Ukalemba dzina la gulu m'kabokosi kamodzi, dzinalo linkaoneka lokha paliponse pamene likufunika, kuyambira tsamba loyamba mpaka pa malo osainira. Chimodzimodzi dzina la mudzi, mbewu, ndi chinthu chimene akupempha. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti ndimatha kusungamo ndime zanga. Ndikalemba ndime imene yamveka bwino, ndinkaiika m'chikombole kuti ndidzaigwiritsenso ntchito. Posakhalitsa ndinali ndi zikombole zitatu: cha amisiri, cha ogulitsa katundu, ndi cha magulu a alimi. Ntchito ya tsiku lathunthu inayamba kutha munthu asanamalize kumwa tiyi ku tirumu ya pafupi.

M'chikombole cha alimi munali ndime imodzi imene ndinkanyadira. Ndinailembera kalabu ina ya tomato ya ku Mpingu, ndipo pulopozo yawo inapambana. Ndimeyo inkanena kuti alimi a m'dera lakutilakuti ndi olimbikira koma alibe msika wodalirika, sadziwa njira zamakono za ulimi, ndipo mavenda amawagula motchipa. Chingerezi chake chinali chosalala. Pamene panali tomato ndinaikapo kabokosi, kotero kuti ndimeyo inkatha kunena za soya, nyemba kapena anyezi popanda ine kuikhudza. Sindinkaona cholakwika. Kwa ine mavuto a alimi anali amodzimodzi kulikonse, ndipo ndinakulira pamudzi, ndinkaganiza kuti ndimawadziwa.

Chaka chachiwiri, anthu atangomaliza kukumba mtedza, alangizi a zaulimi analengeza kuti bungwe lina likupereka makina oswera mtedza ku magulu amene alembe mapulopozo omveka. Lolemba m'mawa kunafika amayi awiri ochokera ku mudzi wina wa kufupi ndi Nsaru. Wamkulu anali tcheya wa gulu la amayi olima mtedza, mayi wamtali wa imvi zoyamba kumene, atavala juzi yabulawuni pamwamba pa chitenje. Winayo anali mlembi wa gululo, mayi wachitsikana wobereka mwana. Atcheyawo anatulutsa kope lokutidwa ndi jumbo, analitsegula pa maondo, n'kuyamba kufotokoza mbiri ya gulu lawo kuchokera pachiyambi.

Pakhomo panali anthu ena awiri odikira fotokope. Atcheyawo ndinawadula mawu mwaulemu.

“Amayi, musavutike. Ndingokufunsani mafunso ochepa, zinazo ndikudziwa kale.”

Ndinafunsa dzina la gulu, mudzi, chiwerengero cha mamembala, ndi chimene akupempha. Atcheya anayankha zonse. Kenaka anawonjezera kuti, “Koma asisi, nkhani yaikulu kwathu ndi ya madzi.”

Ine ndinaganiza kuti akunena za mjigo kapena za ulimi wothirira. Ndinawauza kuti za madzi adzalembera bungwe lina, ili likupereka makina okha. Anandiyang'ana pang'ono, n'kutseka kope lawo. Pasanathe ola ndinawapatsa masamba asanu ndi atatu omangidwa bwino, tsamba lapamwamba lili ndi mzere wobiriwira. Anasaina pamene ndinawalozera. Mlembi uja anati ikuoneka ngati ya ku boma, ndipo tonse tinaseka.

Lachinayi la sabata yomweyo kunabwera bambo wina wa ku Kabudula, tcheya wa kalabu ya abambo ndi amayi. Kale anali kalaliki pa esiteti ya fodya, ndipo ankayenda ndi chikwama cha mapepala m'khwapa. Nayenso ankafuna pulopozo ya makina omwewo. Anali pachangu, ndipo mafunso anga ochepawo anamukomera. Ndinatsegula chikombole chomwe chija, ndinasintha za m'timabokosi, n'kusindikiza. Sizinandifike n'komwe m'mutu kuti mapepala awiriwo akupita pa tebulo limodzi.

Patapita masabata awiri atcheya a ku Nsaru aja anabweranso, ali okha. Anapereka moni n'kukhala pa benchi. Nditawafunsa chimene ndingawathandize, anati ndiyambe ndamaliza ndi anthu amene anawapeza. Anadikira mpaka m'chipindamo tinatsala awiri. Ndipamene anatulutsa pulopozo ija m'jumbo n'kuiika patebulo panga.

“Asisi, ndiwerengereni pepalali m'Chichewa. Musadumphe.”

Ndinayamba kuwerenga ndikumasulira. Tsamba loyamba linadutsa. Nditafika pa ndime yanga ija, ndinangonena kuti alimi a m'dera lawo alibe msika wodalirika, iwo anakweza dzanja.

“Imani pomwepo. Ife tilibe msika? Anakuuzani ndani?”

Ndinati ndi mmene zimakhalira m'madera ambiri.

“Ine ndikufunsa za kwathu. Ife wogula tili naye. Amabwera ndi galimoto mpaka pabwalo la tchalitchi. Pitirizani.”

Ndinawerenga zoti sadziwa njira zamakono za ulimi.

“Eti? Munda wachitsanzo wa mtedza m'dera lonse lija uli kwa ine. Alangizi amabweretsa anthu a midzi ina kudzaona. Ndiye ndasainira ndekha kuti sindidziwa kulima?”

Sanakweze mawu. Anandifotokozera zimene zinachitika. Bambo wina wa ku bungwe lija anaitanitsa atcheya awiri ku ofesi ya zaulimi, iwowo ndi bambo wa ku Kabudula uja. Anaika mapulopozo awiri pambalipambali, alangizi ali pomwepo, n'kufunsa kuti wakopera mnzake ndani, poti kupatula maina, mawu onse anali ofanana mpaka pa mpumiro. Bambo wa ku Kabudula anayankha msanga, m'Chingerezi, kuti yake analemba yekha. Iwo anati yawo inalembedwa ku Namitete, koma atafunsidwa kuti m'pepalamo muli zotani, analephera kuyankha. Aliyense m'chipindamo anangoona kuti wokopera ndi mayi wosadziwa Chingereziyo.

“Pa msinkhu wangawu sindinatchedwepo wakuba,” anatero. “Amayi anzanga akudikira kuti ndikawauze chimene chachitika. Ndikawauze chiyani?”

Ndinatembenuza kompyuta kuti aone. Ndinawaonetsa chikombole, timabokosi, ndi ndime imene inkangosintha dzina la mbewu. Ndinawauza kuti mapepala onse awiri ndinalemba ndine, pa tebulo lomwelo, wawo Lolemba, winayo Lachinayi. Anayang'ana kwa nthawi, ngakhale sankatha kuwerenga zimene zinali pagalasipo.

“Ndiye kuti tsiku lija mawuwa anali alimo kale ndisanalowe pakhomo?”

“Eya, amayi.”

“Chabwino. Mukanene zimenezo kwa abwana aja. Ine akandimva ngati ndikudziteteza.”

Ndinawayankha kuti ndiganize kaye. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi zimene ndinanena. Ndinkaopa kuti nkhaniyo ikamveka, palibenso adzabwere kudzalembetsa pulopozo kwa ine. Iwo anangoti adzadutsanso Lachisanu, n'kunyamuka.

Madzulo ake ndinawafotokozera abambo anga, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Anali pakhonde akusoka thumba la chimanga. Anamvetsera osasiya kusoka.

“Ndiye wawauza chiyani mayiwo?”

“Ndati ndiganize.”

“Uganize chiyani, poti wolemba ndiwe?”

Anapitiriza kusoka thumba lawo.

M'mawa mwake ndinatseka kachipinda kanga n'kupita ku ofesi ya zaulimi ija. Bambo wa ku bungweyo anali munthu wa zaka zapakati, wooneka wotopa, atakhala kuseri kwa mulu wa maenvelopu. Nditadzifotokoza, anatulutsa mapulopozo awiri aja osavutika n'kufufuza. Ndinamuuza zonse monga zinayendera, kuti amayi a ku Nsaru sanakopere munthu, ndipo anabwera ndi kope lodzaza koma ine sindinawalole kuliwerenga.

Sanakalipe. Anati iwonso ku ofesi kwawo amagwiritsa ntchito zikalata zokonzeka kale, ndipo mapulopozo akakhala ndi mitu yofanana amamupeputsira ntchito, chifukwa amadziwa pamene angapeze chimene akufuna.

“Vuto si mituyi, mayi. Vuto n'lakuti ndawerenga masamba asanu ndi atatu, kawiri, koma kupatula liwu lakuti mtedza, sindinapezemo chilichonse cha mtedza. Makinawa akufunika chifukwa chiyani? Adzasungidwa kuti? Adzayendetsa ndani? Mulibe.”

Anati magulu onse awiri awapatsa mpaka Lachisanu la sabata yotsatira kuti abweretse zatsopano, ndipo iye awauza yekha alangizi kuti mayi wa ku Nsaru uja sanalakwe.

Atcheya atadutsa Lachisanu ndinawauza zonse, ndipo Loweruka ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kupita kwawo kwa atcheya. Msewu unali wa fumbi, kunja kukuzizira, ndipo ndinafika nsidze zitayera. Ndinapeza amayi oposa khumi atakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, pakati pali mulu wa mtedza wa makoko. Aliyense anali ndi lichero pamiyendo. Sanasiye ntchito chifukwa cha ine. Anandipatsa mpando, koma ndinakhala nawo pamphasa, ndinatenga mtedza wodzaza dzanja n'kuyamba kuswa nawo. Ndinali ndisanaswe mtedza wochuluka chiyambire kupita kutauni. Mtedzawo unali wouma gwa, ndipo pasanapite nthawi chala changa chachikulu chinayamba kuwawa.

Atcheya anaona ndikupukusa dzanja. Anaitanitsa ndowa ya madzi imene inali pamthunzi.

“Madzi ndinkanena aja ndi awa.”

Anatunga ndi dzanja n'kuwaza pa kamulu kakang'ono pambali. Anandiuza kuti ndidikire pang'ono kenaka ndiyese. Makoko anali atafewa, ankangosweka osalimbana nawo. Anafotokoza kuti umo ndi mmene anthu ambiri amachitira zala zikatopa: amawaza madzi madzulo, m'mawa n'kuswa. Koma chinyezicho chimalowa mpaka m'kati, ndipo mtedza ukaikidwa m'thumba usanaumenso bwino umachita chuku. Wogula wawo uja amapisa dzanja pansi pa thumba, amanunkhiza, amaswa njere zingapo. Akapeza chuku, thumba lonse amalisiya. Gulu linagwirizana kuti pasakhale wowaza madzi, koma popanda madzi kuswako kumatenga miyezi, mpaka nthawi yososa m'minda imawapeza asanamalize. Ndiye ena amawaza mobisa kunyumba kwawo, mtedzawo n'kudzasakanikirana ndi wa anzawo.

“Ndipo wobwezedwawo mukuganiza umapita kuti?” anafunsa mlembi uja. “Sitimataya. Timasinja, n'kuthira m'ndiwo ndi m'phala la ana. Achipatala amatiuza kuti ndi woipa, koma munthu ungataye thumba lathunthu?”

Ndinatulutsa kope langa n'kuyamba kulemba m'Chichewa, mmene ankayankhuliramo. Gogo wina amene anakhala kumapeto kwa mphasa anatambasula manja ake kuti ndione. Nsonga za zala zinali zong'ambikang'ambika, zina atazimanga ndi tinsanza.

“Mulembenso kuti zala zatha,” anatero, ndipo anzake anaseka.

Kenaka atcheya ananditengera kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko kunali kanyumba ka njerwa zootcha, kofolera ndi malata, kokhala ndi chitseko chachitsulo. Anakamanga okha chaka chapitacho kuti azisungiramo matumba, ndipo mbali imodzi anasiya malo a makina, akuyembekeza kuti tsiku lina adzawapeza. Anali atasankha kale amayi awiri oti adzaphunzire kuyendetsa, komanso atagwirizana ndi mmisiri wina wokonza zigayo ku Nsaru kuti makina akadzavuta azidzawaona. Zonsezi zinali m'kope lokutidwa ndi jumbo lija, limene ndinawatseketsa tsiku loyamba.

Lolemba ndinatsegula chikombole chomwe chija. Mitu ndinaisiya, matebulo ndinawasiya, tsamba lapamwamba la mzere wobiriwira ndinalisiyanso. Ndime zonse za pansi pa mituyo ndinafufuta, n'kuyamba kulemba za ndowa ya madzi, za chuku, za thumba lobwezedwa, za kanyumba ka kuseri kwa tchalitchi. Chingerezi chake sichinali chosalala ngati cha ndime yakale ija. Mawu ena ndinachita kufunsa kwa alangizi pafoni. Zinanditengera tsiku lonse.

Lachiwiri atcheya ndi mlembi anabwera. Ndisanasindikize ndinawawerengera zonse m'Chichewa, mutu ndi mutu. Atcheya anandiimitsa kawiri. Koyamba ndinali nditalakwitsa mtunda wochokera kumudzi kwawo kukafika pamsewu waukulu. Kachiwiri ndinali nditalemba kuti makina akabwera palibe membala amene adzawazenso madzi.

“Ayi, chotsani. Ine sindigona m'nyumba zawo. Wina adzawazabe wa pakhomo pake wodya. Lembani kuti mtedza wonse wogulitsa udzaswedwa pa makina, ine ndikuona. Chimenecho ndingalonjeze.”

Ndinati mawu oyambawo ndi amphamvu, abwana angawakonde.

“Akadzabwera kudzaona adzafunsa ine, osati inu.”

Ndinasintha. Anasaina, n'kupempha kuti ndiwasindikizire ina yoti akasunge ku gulu.

Bambo wa ku Kabudula ndinamuimbira foni tsiku lomwe ndinachoka ku ofesi ya zaulimi, koma anabwera Lachitatu. Analowa osakhala pansi. Anati ndingosintha mawu apa ndi apo kuti zisafanane ndi za amayi aja, iye adikira panja. Ndinamuuza kuti ndiyenera kumufunsa za kalabu yawo: mmene amaswera, kumene amagulitsa, kumene makina adzakhale. Anati alibe nthawi ya zimenezo. Kenaka anafunsa ngati n'zoona kuti ndinapita ndekha kwa abwana aja.

“Ndinapita, abambo.”

“Ndiye mwandisandutsa wabodza pamaso pa alangizi?”

Ndinafuna kunena kuti mawu akuti analemba yekha sindinamuuze ndine, koma ndinakumbukira kuti naye ndinali nditamulakwira. Anabwera kwa ine kuti ndimulembere pulopozo ya kalabu yake, ine n'kumupatsa ya anthu a tomato a ku Mpingu. Ndinapepesa. Iye anatenga chikwama chake n'kutuluka, ndipo sanabwerenso. Ndinamva kuti pa tsiku la msika ankauza anthu kuti mayi wa kuseri kwa golosale amagulitsa kalata imodzi kwa aliyense. Kwa miyezi ingapo amene ankabwera kwa ine anali a fotokope ndi a mapulogalamu a ukwati basi. Kalipentala wina amene ndinkamulembera nthawi zonse anayamba kupita mtauni, ndipo tikakumana pamsewu ankapereka moni akuyang'ana kumbali.

M'miyezi yopanda anthuyo ndinakonzanso zikombole zonse zitatu. Sindinazitaye, chifukwa zambiri za m'menemo zinali zothandiza. Timabokosi ta maina tinkandipulumutsa ku zolakwika zimene ndinkachita kale, monga kusiya dzina la gulu lina pa tsamba lomaliza. Matebulo ankawerengera okha. Mawu a pa malo osainira ndi ofanana kwa aliyense, ndipo palibe chifukwa chowalembera kawiri. Chimene ndinachotsa ndi ndime iliyonse yonena za moyo wa anthu, za vuto lawo, kapena za luso lawo. M'chikombole cha amisiri ndinapezamo chiganizo chonena kuti kampaniyi ili ndi antchito ophunzira bwino ndi zipangizo zamakono, chimene ndinali nditasainitsa ngakhale anthu ogwira ntchito okha pansi pa mtengo wa mango. M'malo mwa ndime zoterozo ndinalembamo mafunso a m'Chichewa, a zilembo zofiira, kuti ndisasindikize ndisanawayankhe. Ndinayambanso kuwerengera munthu aliyense pulopozo yake m'Chichewa asanasaine. Ena zimawatopetsa. Amati, “Ingosindikizani, mayi, timakukhulupirirani.” Ndimawerengabe, ndipo kawirikawiri amene ananena zimenezo ndi amene amandiimitsa pakati.

Amayi a ku Nsaru analandira makina, koma anafika mochedwa, mvula yoyamba itagwa kale, mtedza wa chaka chimenecho atamaliza kuswa pamanja. Anayamba kuwagwiritsa ntchito chaka chotsatira. Za kalabu ya ku Kabudula ndinangomva kuti nayonso inadzalandira pa ulendo wina. Amene anawalembera sindikumudziwa.

Anthu a mapulopozo anayamba kubwerera pang'onopang'ono, ena atatumizidwa ndi alangizi omwe aja. Atcheya anadzabweranso nyengo yokolola itadutsa, ali ndi mlembi wawo, mwana uja tsopano akuyenda yekha n'kumakoka mawaya a pulinta. Ndinawafunsa za makina. Anati akugwira, koma mtedza ukauma kwambiri amaphwanya njere zina, ndipo amayi amakhalabe ndi malichero kusankha. Anati n'zopepukabe kusiyana ndi kale, ndipo chaka chimenecho wogula anabweza matumba ochepa. Tsopano ankafuna kulembera kampani ina ya mtauni yopanga chiponde, kuti azikaigulitsa mtedza woswa kale.

Ndinatsegula chikombole cha ogulitsa katundu n'kuyamba kufunsa mafunso ofiira aja. Nditafika pa funso lachitatu, mlembi anati zinthu zina sangayankhe awiri okha, n'zofunika gulu lonse. Anapempha kuti ndiwasindikizire mafunsowo papepala, akakambirane pa msonkhano wa Lachinayi, adzabwere ndi mayankho. Ndinali ndisanaganizepo zotero. Ndinasindikiza masamba awiri, ndipo mlembi anawawerenga mokweza kuti atcheya amve.

Atamaliza, atcheya anati pali funso limodzi limene palibe.

“Liti, amayi?”

“Simunafunse kuti amene sakugwirizana nazo ndani. Kwathu alipo atatu amene akuti tisasiye wogula wakale, poti amabwera mpaka pakhomo, pamene a mtauniwo akufuna tizikapereka tokha. Mwina akunena zoona. Tikapanda kuwafunsa panopa, adzayankhula galimoto itafika.”

Ndinalemba funsolo m'chikombole, pansi pa mutu wonena za gulu, n'kusindikizanso tsambalo. Mlembi anapinda mapepalawo n'kuwaika pakati pa kope, ananyamula mwana, ndipo anatsanzika kuti akagule mchere ndi sopo asanakapeze wakabaza wobwerera ku Nsaru.